Kalata ya Umbeta

"Ndiye nkhumba ija ndikaiuze chiyani? Kuti yanenepera chabe?"

Anali Nanang, mayi anga, ataima pakhomo ndi ndodo yawo. Soling, mayi wa mwana wanga Divina, anali pansi pa mtengo wa mango akuluka adyo amene tinakumba dzulo lake. Sanadzutse mutu.

"Nanang, ine sindinanene za ukwati kwa munthu aliyense."

"Sunanene, eya. Pepala ndi limene linanena. Ndinalipeza ndekha pansi pa chifanizo cha Amayi Maria. Kuwerenga kumandivuta, koma pepala lachikasu lija ndimalidziwa. Ana anga anayi anamangira ukwati lomweli."

Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera kumsika wa ku Sinait, njinga yanga yamoto ya kangolo ndisanaizimitse n'komwe. Nkhani ya pepalayo ndinali nditaimva Lachiwiri, ndipo kunena zoona ndinagona masiku atatu ndikumwetulira ndekha. Munthu akafuna kumanga ukwati amayamba wakatenga kalata kuboma yosonyeza kuti sanakwatirepo kapena kukwatiwapo. Timangoti kalata ya umbeta. Nanang ataiona ili ndi dzina la Soling, sanafunse munthu. Anapita kwa mlembi wa mudzi n'kukatilembetsa pa ukwati wa anthu ambiri umene a meya amamangitsa ulere chaka chilichonse pa 14 Febuluwale. Pobwerera anauza nyumba iliyonse ya m'njira. Ine ndinangodikira kuti Soling andiuze yekha.

Chimene tonse awiri tinaiwala n'chakuti kalata yomweyo amaifunanso ku ofesi ya kazembe wa Amerika ku Manila.

"Soling," ndinatero, "kalata ija ndi ya chiyani?"

"Zimitsani kaye njingayo."

Ndinazimitsa.

"Tsiku langa lafika, Cleto. Anandilembera mwezi watha. Akundifuna ku Manila pa 15, ine ndi Divina. Basi tikwera pa 14 m'mawa."

"Mwezi watha? Ndiye takhala tikudyera mbale imodzi masabata anayi iwe uli ndi zimenezi m'mimba?"

"Ndimati ndikuuzeni tikamaliza kukumba adyo."

"Pa 14!" Nanang anamenya ndodo pansi. "Masiku onse a Mulungu, asankhe lomwelo?"

Soling analowa pamzere wopita ku Amerika ali ndi zaka zinayi. Amalume ake a ku Hawaii anaitanitsa mlongo wawo, Nana Pacing, amene ndi mayi ake a Soling, pamodzi ndi banja lonse. Anadikira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsiku litafika bambo ake anali atamwalira, ndipo Soling anali ndi zaka 26. A ku ofesi ya kazembe anati wakula, sangayendenso pa pepala la mayi ake. Nana Pacing anapita okha n'kukamuitanitsa mwatsopano, ngati mwana wawo wosakwatiwa. Mawu ake ndi amenewo, wosakwatiwa. Akangosaina m'buku la ukwati, pepala lafa. Chaka chimenecho n'kuti ine nditapita kale ndi akuluakulu akwathu kukamufunsira. Akwawo anatiuza kuti tipirire zaka zitatu. Tinangolowana m'nyumba, Divina anabadwa, ndipo zaka zatha khumi ndi ziwiri.

"Ine ndakhala ndikukutchula mpongozi nthawi yonseyi," anatero Nanang. "Kutchalitchi umakhala benchi lakumbuyo. Anzako akamapita kukalandira Ukaristia, iwe umayang'ana zikhadabo. Divina wandifunsa kawiri kuti bwanji amayi samapita kutsogolo. Ndinamuuza kuti umadwala mano."

"Mukuganiza kuti benchi lakumbuyo limandikomera, Nanang?"

"Ndiye dzuka upite kutsogolo. Maina ndalembetsa kale."

"Ndikatero ndataya zonse. Tamverani. Ndipita, ndikalandira khadi langa lokhalira kumeneko, ndibwerera, tidzamanga ukwati wabwinobwino. Kenako Cleto ndidzamuitanitsa."

"Nayenso aime pamzere."

"Wa mwamuna ndi waufupi."

"Wakonso ankati ndi waufupi," ndinatero.

Soling anayang'ana adyo amene anali m'manja mwake. Anali ataluka mokhota. Anamasula n'kuyambiranso.

Lamulungu lake titachokera ku Misa, foni ya Soling inalira. Anali Nana Pacing. Nkhope yawo inatulukira pagalasi, ali ndi yunifolomu ya kuhotela kumene amayala mabedi. Soling asanalankhule, Nanang analanda foniyo n'kuiyandikiza pamphuno.

"Pacing, wakalambatu."

"Sepa! Bweza foniyo kumbuyo, ndikungoona m'mphuno mwako. Nanga mano ako anapita kuti?"

"Anathera pa nyama ya maukwati a ana a anthu ena."

Nana Pacing anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Awiriwa anakulira limodzi. Ali atsikana ankakhala pa mphasa imodzi kutunga masamba a fodya pa ndodo, nyengo yonse, mpaka zala kuda bii.

"Ndamva zimene wachita, Sepa."

"Ndachita zimene iwe unayenera kuchita kalekale. Waiwala ukwati wako? Bandi ya malipenga inachokera ku Cabugao wapansi, anthu khumi ndi awiri, fumbi mpaka m'mawondo. Mbuzi zitatu. Ine ndinakusokera chophimba kumutu, ndinabaya chala, magazi n'kudonthera pa nsalu, tinabisa ndi duwa. Unavina mpaka nsapato kuthyoka chidendene. Zimenezo iwe unaziona. Mwana wako asazione chifukwa chiyani?"

"Ndikukumbuka. Ndimazikumbuka tsiku lililonse ndikamakoka ma shiti a alendo."

"Ndiye bwera kwanu. Nyumba yako ilipo, mukugona mileme. Mzere wathu uno nyumba zisanu ndi ziwiri n'zokhoma, zonse za simenti, zonse za anthu a ku Hawaii. Kale nthawi ya adyo bwalo lino linkadzaza, ena kuluka, ena kuimba, ana kuba mango. Pano timaluka anthu atatu ndi galu."

"Sepa, tamvera. Ndayala mabedi zaka khumi ndi ziwiri, msana watha. Sindinasiye ntchito chifukwa cha pepala la mwanayo. Ndili ndi zaka 71. Ndikafa mawa, pepalalo likhoza kufa nane limodzi. Mdzukulu wanga ndinamunyamulapo kamodzi kokha ali ndi zaka zitatu. Fungo la mutu wake sindikulidziwa. Iwe umagona naye chipinda chimodzi."

"Ndiye undilande?"

"Sindikukulanda. Ndikubwereka."

"Ku Hawaii kulibe chobwereka. Amene anapita n'kubwerako ndi ndani? Amabwera m'bokosi, kapena amabwera masabata awiri atavala magalasi akuda, kumadandaula za kutentha."

"Ine ndinaima pamzere zaka makumi awiri ndi ziwiri," anatero Nana Pacing, mawu atasintha. "Mwamuna wanga anafera pamzere, pasipoti ili m'thumba la malaya. Mwana wanga ndinamusiya pabwalo la ndege akulira ngati wa zaka zisanu. Ndiye zonsezo zithere pa nkhumba imodzi ndi mpunga wa a meya?"

Nanang anapereka foni kwa Soling n'kuyamba kufufuza ndodo yawo.

"Maina sindikafufuta," anatero potuluka. "Amene akufuna akafufute yekha."

Palibe anapita kukafufuta.

Sabata yotsatira ndinachita chinthu chimene sindinyadira nacho. Ndinaganiza kuti Soling sangapite popanda Divina, ndipo Divina sangapite ine ndisanalole. Lachitatu, nditatsitsa amayi awiri a nsomba pamsika, ndinalowa ku ofesi ya tauni kwa msuweni wanga Manang Luding (kwathu Manang ndi achemwali, Manong ndi achimwene), amene amasunga mabuku a obadwa ndi akufa.

"Mkwati wafika!" anakuwa. "Wabwera kudzayesa cholembera?"

"Manang, ndili ndi funso. Mwana akamatuluka m'dziko muno, bambo ake amasaina pati?"

"Bwanji?"

"Ndikufuna ndipadziwe, kuti ndisasainepo."

Manang Luding anavula magalasi. Anauza mtsikana amene ankagwira naye ntchito kuti akagule madzi ozizira, ndipo anadikira mpaka chitseko chitatsekeka.

"Khala pansi, Cleto. Inu awiri simunakwatirane. Mwana wobadwa chotero lamulo limamuika m'manja mwa mayi ake. Dzina lako anatenga, eya, ndinalemba ndine ndi dzanja ili. Koma akamapita ndi mayi ake, palibe amene akufunse iwe."

"Ndinamunyamula ndine usiku uja anatentha thupi mpaka kuchipatala ku Vigan."

"Ndikudziwa."

"Njinga anaphunzira ndi ine. Kuwerenga anaphunzirira pa zikwangwani za pamsewu, atakhala kumbuyo kwanga."

"Ndikudziwa, Cleto."

"Ndiye ine ndine ndani?"

"Kwa ife ndiwe bambo ake a Divina. Pa pepala ndiwe mnyamata wosakwatira wa zaka 41."

Ndinatuluka. Ndinakhala panjinga pansi pa mtengo wa pabwalo kufikira dzuwa litapendeka. Anthu ankabwera kufunsa ngati ndikunyamula, ine n'kumati njinga yafa.

Manang Luding sasunga nkhani kupitirira tsiku. M'mawa mwake tili kumunda kukumba mzere wotsiriza, Soling anaima n'kupukuta manja pa siketi.

"Mumafuna kundigwira ndi mwana?"

"Ndimafuna ndigwire kanthu. Kalikonse."

"Mukanandifunsa ine."

"Iwe unandifunsa ine pamene unkapita kukatenga kalata?"

Tinapitiriza kukumba. Dothi linali louma, adyo ankatuluka yekha. Munda umenewu ndi umene ndinamuoneramo koyamba, chaka chimene bambo anga analemba atsikana a tsidya la mtsinje kudzathandiza kukolola. Iye ankakumba akuloweza mawu a Chingerezi m'kabuku kakang'ono, anzake n'kumamuseka kuti Amerikana. Ndinamufunsa kuti adyo pa Chingerezi ndi chiyani. Anandiuza, ine n'kunena molakwitsa dala, kuti abwerezenso. Ndinalakwitsa nyengo yonse.

"Ukukumbuka kabuku kaja?" ndinafunsa.

"Kalipo. Kali m'sutikesi." Anakhala pa mzere n'kuvula chipewa. "Cleto, mwaonapo kuti ine sindinagulepo kabati? Zovala zanga zakhala m'sutikesi chibadwire. Kwathu Tatang, bambo anga, anakana kubzala mtengo uliwonse wa zipatso, ankati tibzalirenji, tikupita. Denga linkadontha, ankaika beseni, ankati tikonzerenji, tikupita. Sukulu ya unamwino ndinasiyira pakati poti ndikamalizira konko. Anzanga ankasewera zophikaphika, ine ndinkasewera zokwera ndege. Ndikapanda kukwera basi imeneyi, ndiye moyo wanga wonse ndimadikira chiyani?"

"Nanga ine? Zaka khumi ndi ziwiri zija zinali chiyani? Pokwerera basi?"

"Musandifunse zimenezo. Ndilira, ndipo adyo sanathe."

"Lira. Adyo adikira. Kuno zonse zimadziwa kudikira."

Analira ndithu, chipewa chili kumaso. Ine ndinakhala pambali pake. Njati yolimira ya mnansi wathu Manong Berting inkatiyang'ana kuseri kwa mpanda ikutafuna.

"Divina akaphunzira bwino kumeneko," anatero pambuyo pake. "Sadzaluka adyo."

"Kuluka adyo n'koipa?"

"Ayi. Koma asankhe yekha. Ine sindinasankhepo kanthu. Anandilembetsa ndili ndi zaka zinayi."

"Lero ungasankhe."

"N'chifukwa chake ndikuopa."

Masiku otsalawo m'nyumba munali bata la kumaliro. Nanang anasiya kukangana. Ankangotenga Divina n'kumupesa tsitsi kawiri katatu pa tsiku, ngakhale linali lopesa kale. Soling anachapa zovala zanga zonse, ndi zoyera zomwe, anasoka mabatani, anandionetsa pamene amaika mankhwala a Nanang a kuthamanga kwa magazi. Ndinamuuza kuti akungopita masiku atatu kukafunsidwa mafunso, abweranso kudzalongedza. Anati akudziwa, koma ndiphunzire kuyambira pano.

Pa 14 m'mawa Nanang anadzuka woyamba. Anavala diresi lawo la pa Pasaka, n'kutulutsa m'bokosi malaya oyera opeta a malemu bambo anga, amene anavala pa ukwati wawo. Anawasita okha ataimirira, ndodo ili pakhoma. Kenako anaitana Manong Berting kuti awanyamule pa njinga yake.

"Ine ndatsogola kubwalo," anatero. Sanayang'ane munthu. "Akayamba naini koloko."

Ife tinanyamuka pambuyo. Soling anakhala m'kangolo atakumbatira envulopu yaikulu ya mapepala. Divina anakhala kumbuyo kwanga monga mwa masiku onse, manja ali m'chiuno mwanga.

"Tatang, ku Manila akandifunsa kuti bambo ako ali kuti ndikanene chiyani?"

"Ukanene zoona. Ali kumudzi, akuyanika adyo."

"Akandifunsa kuti ndinu amuna awo a amayi anga?"

Ndinayang'ana Soling. Iye anayang'ana msewu.

"Ukanene kuti ndine bambo ako. Basi."

Pokwerera basi za ku Manila pali pamsewu waukulu, moyang'anizana ndi bwalo la tauni. Palibe njira ina. Titafika bwalo linali litadzaza kale. Anamanga matenti, anaika mipando yoyera ndi maluwa a pepala. Maanja analipo oposa makumi anayi. Ena anali ana aang'ono, mimba zikuoneka. Ena anali a imvi, zidzukulu zitawagwirira zikwama. Bandi ya malipenga kunalibe, nyimbo zinkachokera m'chokuzira mawu. Ndinawaona Nanang pamzere wachitatu, atakhala pakati pa mipando iwiri yopanda anthu, malaya aja ali pamwendo.

Basi inachedwa. Naini koloko inakwana tidakali pomwepo. Nyimbo inasiya, mwamuna wina anayamba kuitana maina motsatira zilembo, banja lililonse n'kumaimirira anthu akuombera m'manja. Dzina lathu ndi Ragudo, lili kutali. Ndinayamba kupemphera mumtima, koma sindikudziwa kuti ndimapempha chiyani, kuti basi ibwere msanga kapena isabwere n'komwe.

Anafika pa P. Anafika pa Q. Mayi wogulitsa chimanga chophika pambali pathu anatiyang'ana, n'kuyang'ana bwalo, n'kuyambanso kukonza chimanga chake chimene chinali chokonza kale.

"Anacleto Ragudo ndi Consolacion Tabios!"

"Tatang, ndi inuyo," anatero Divina. "Akuitana inu ndi amayi."

Tsidya la msewu Nanang anaimirira. Sanakuwe, sanakodole. Anangokweza malaya aja m'mwamba ndi dzanja limodzi, lina lili pandodo.

Soling anagwira mkono wanga. Kuchokera pamene tinaima kukafika pa mipando ija sipakwana mapazi makumi atatu. Ndinamva thupi lake likupendekera kutsogolo, phazi limodzi linatsika m'mphepete mwa msewu n'kuponda phula.

Pomwepo hutala inalira. Basi inatulukira pakona, yaikulu, yofiira, n'kudzaima pakati pa ife ndi bwalo.

"Manila! Manila!" anakuwa kondakitala atalendewera pachitseko. "Angati, Manong?"

Funso silinali langa.

"Anacleto Ragudo ndi Consolacion Tabios!" Mawuwo anadutsa pamwamba pa basi.

"Manang, tikuchedwa. Angati?"

"Awiri," anatero Soling.

Ndinanyamula chikwama n'kuchipereka. Divina anatenga dzanja langa n'kuliika pamphumi pake monga ana amachitira polemekeza makolo, kenako anakwera akuthamangira mpando wa pazenera. Soling anaponda sitepe yoyamba n'kutembenuka.

"Mankhwala a Nanang, limodzi m'mawa, atadya."

"Ndikudziwa."

"Adyo musamusiye panja, kukhoza kugwa mame."

"Ndikudziwa. Kwera."

Anafuna kunena china, pakamwa panatseguka, koma kondakitala anamenya chitseko kawiri ndipo basi inayamba kuyenda. Ndinaona dzanja la Divina pagalasi, kenako utsi.

Basi itachoka bwalo linaonekanso. Nanang anali chiimire, malaya ali m'mwamba. Anthu onse a m'mipando anali atatembenuka kuyang'ana tsidya lino, pamene ndinaima ndekha pambali pa njinga.

Woitana uja anaitana kachitatu, mwaulesi. Ndiye osadziwa kuti chokuzira mawu chidakali choyatsa, anauza mnzake wa pambali, tauni yonse ikumva:

"Awa sanabwere. Palibe kanthu, adikire chaka chamawa."

Kenako anaitana dzina lotsatira.